Bondo la Amayi Latupa: Kodi Ndi Limodzi mwa Mawondo Amene Makampani Anaitanitsa?

Funso

Adokotala, ine ndimakhala ku Leeds koma amayi anga ali kwathu ku Zomba, ndipo ali ndi zaka 71. Mu 2017 tinasonkherana ndalama pachibale n'kuwatumiza ku India kumene anawaika bondo lochita kupanga kumwendo wakumanja. Zaka zonsezi akhala akuyenda bwinobwino, ngakhale kudimba amapita. Koma kwa miyezi inayi tsopano bondolo limatupa, ndipo limawapweteka makamaka akamadzuka pampando. Kuno ndawerenga kuti makampani ena anaitanitsa mawondo awo chifukwa anapezeka ndi vuto, ndipo anthu zikwizikwi anakhudzidwa. Kodi la amayi lingakhale limodzi mwa amenewo? Ngati ndi choncho, kodi tiyambenso kusonkha kuti akalichotse? Vuto ndi lakuti sitikudziwa n'komwe dzina la bondo limene anawaika.

Yankho

Zikomo, mayi, chifukwa cha kalata yanu. Ndiyambira pa mawu amene mwamaliza nawo, oti simukudziwa dzina la bondo limene anawaika amayi, chifukwa popanda dzina limenelo ndi manambala amene amayenda nalo, palibe dokotala aliyense, kaya wa ku Leeds, wa ku Blantyre kapena wa ku India komweko, amene angakuuzeni zoona ngati bondolo lili m'gulu la amene anaitanitsidwa. Komabe m'kalata yanu muli mafunso awiri amene mwawamanga mtolo umodzi, ndipo ndikufuna tiwamasule. Loyamba ndi lakuti kodi zipangizo zimene zili m'mwendo mwa amayi zinatchulidwapo pa chenjezo lililonse. Lachiwiri ndi lakuti n'chifukwa chiyani bondo limene lakhala chete zaka zonsezi layamba kutupa. Yankho la funso loyamba lingakutengereni milungu kapena miyezi, pomwe lachiwiri siliyenera kudikira loyambalo, chifukwa mawondo ambiri amene amatupa patapita zaka sapezeka pa mndandanda wa kampani iliyonse.

Chimene timachitcha bondo lochita kupanga si chinthu chimodzi. Pa opaleshoni dokotala sachotsa bondo lonse monga ambiri amaganizira, koma amasepa nsonga za mafupa zimene zadyeka ndi nyamakazi n'kuziveka zina. Kumapeto kwa fupa la ntchafu amavekako chitsulo chopindika, chosalala ngati galasi, chimene kawirikawiri chimakhala cha cobalt ndi chromium. Pamwamba pa fupa la msongolo amakhazikapo kambale kachitsulo kokhala ndi kamwendo kolowa m'fupa, ndipo m'kambalemo amatsekeramo pulasitiki yolimba yotchedwa polyethylene, imene imalowa m'malo mwa chicherewecherewe chimene chinatha. Nthawi zina amamatanso kabatani ka pulasitiki kuseri kwa kafupa ka kutsogolo kwa bondo. Zitsulozi amazigwiritsa ku fupa ndi simenti yapadera, kapena pa mitundu ina amasiya kuti fupa lenilenilo limerere m'timabowo ta chitsulo n'kuchigwira. Chidutswa chilichonse chimafika m'chipinda cha opaleshoni m'bokosi lakelake, ndi nambala yakeyake ya mtundu, saizi ndi gulu limene chinapangidwira kufakitale, ndipo kampani ikapeza vuto, kawirikawiri limakhala pa chidutswa chimodzi, mwinanso pa magulu ochepa chabe a chidutswacho.

Mawu a Chingerezi akuti recall, amene ife tikuti kuitanitsa, amachititsa anthu mantha opitirira muyeso. Galimoto ikaitanitsidwa, mwini wake amapita nayo kugalaja kukaisintha chitsulo, koma bondo silitero. Chimene kampani imabweza ndi katundu amene akadali m'mashelefu a zipatala ndi kwa ogulitsa, pomwe za katundu amene ali kale m'matupi a anthu imalembera madokotala kuwauza zimene zapezeka ndi mmene angawalondolozere odwala awo. Bungwe la FDA, limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, limagawa nkhani zoterezi m'magulu atatu: loyamba ndi pamene chipangizo chingathe kuvulaza kwambiri kapena kupha, lachiwiri ndi pamene vuto lake ndi lakanthawi kapena lotheka kulikonza kuchipatala, ndipo lachitatu ndi pamene sichikuyembekezeka kuvulaza munthu. Zambiri zokhudza mawondo zimagwera m'gulu lachiwiri, ndipo zochuluka ndithu sizikhudza n'komwe chimene chili m'thupi la wodwala, monga lebulo yolakwika pa bokosi, paketi yobooka, kapena chida chimene dokotala amadulira fupa kenako n'kuchibweza pa thireyi. Koma zilipo zina zimene zinavulazadi anthu, ndipo ziwiri mwa izo ndikufuna muzimvetse bwino.

Yoyamba ndi ya kampani ya Exactech ya mumzinda wa Gainesville m'chigawo cha Florida ku America. Mu Ogasiti 2021 kampaniyi inaitanitsa ena mwa mapulasitiki a mawondo ake, ndipo mu Febuluwale 2022 inawonjezera n'kuphatikiza onse amene anaikidwa m'mapaketi olakwika, a mawondo otchedwa Optetrak, Optetrak Logic ndi Truliant komanso a akakolo otchedwa Vantage. Chodabwitsa n'chakuti chifukwa chimene inapereka sichinali chitsulo, koma kathumba kamene pulasitikiyo inasungidwamo isanafike kwa dokotala. Kampaniyo inavomera yokha kuti kuyambira 2004, pafupifupi mapulasitiki 80 pa 100 aliwonse amene inapanga anaikidwa m'timatumba tosowa kansalu kamodzi kotchedwa EVOH, kamene ntchito yake ndi kutsekereza mpweya wa okosijeni. Ku America kokha, mapulasitiki oposa 147,000 otere anali ataikidwa kale m'matupi a anthu.

Aliyense amene anasungapo chimanga m'thumba la PICS amvetsa msanga nkhaniyi. Thumba lakunja loluka lija limangothandiza ponyamula. Amene amapha anankafumbwe ndi mapepala a m'kati amene salola mpweya kudutsa, ndipo amenewo akakhala ndi vuto, thumba limaoneka labwinobwino kunja pomwe m'kati chimanga chikufumbwa. Pulasitiki ya bondo imawalitsidwa ndi cheza champhamvu cha gamma pofuna kupha tizilombo tonse, koma chezacho chimasiya timalo tothyoka m'kati mwake timene timakoka okosijeni mwamsanga. Mpweya ukalowa m'paketi, pulasitiki imayamba kukalamba ili pashelefu, ndipo ikakhalitsa pamenepo imafika m'bondo la munthu itafooka kale, monga mmene beseni la pulasitiki lokhalitsa padzuwa limaphwanyikira mukangoligunda pang'ono. Chimene chimandipweteka ine pa nkhaniyi n'chakuti phunziro limeneli silinali lachilendo. M'zaka za m'ma 1990 opanga zipangizozi anali ataona kale zimene okosijeni amachita ku pulasitiki yowalitsidwa ndi cheza, ndipo n'chifukwa chake anasiya kuisunga mumpweya wamba. Kuti cholakwa chodziwika kale chotero chipitirire kwa zaka pafupifupi 17 popanda wochiona, ndiye kuti oyendera ntchito kufakitale anagona.

Pulasitiki yotereyi ikatulutsidwa pa opaleshoni yachiwiri, munthu sachita kufunsa. M'malo mokhala yoyera ndi yosalala, imakhala yachikasu, yokumbika timaenje pamene chitsulo chinkaponda, ndipo pamwamba pake pamasendeka timagawo ngati makoko a anyezi. M'mphepete mwake nthawi zina mumakhala mutabenthuka. Zimene zimasendekazo sizituluka m'thupi. Tizidutswa tosaoneka ndi maso timadzaza m'bondo, asilikali a m'thupi amatiukira koma sangathe kutigaya, ndipo pankhondo imeneyi amadzutsa maselo amene amadya fupa. Zotsatira zake ndi madzi ochuluka m'bondo, kutupa, ndi mphako m'fupa kuzungulira chitsulo, mpaka chitsulocho chimayamba kugwedera. Choopsa n'chakuti fupa lingadyeke kwa nthawi yaitali munthu asakumva kupweteka, ngati mtanda wa denga umene chiswe chalowa m'kati koma kunja ukuoneka wamphumphu. Ngakhale zili choncho, pa chenjezo lake la mu Malichi 2023, FDA sinalangize kuti mawondo amene akugwira ntchito bwino achotsedwe. Inati odwala aziunikidwa, azijambulidwa X-ray pamene pali chokayikitsa, ndipo za opaleshoni ziganiziridwe pa munthu aliyense payekha zizindikiro zikaoneka.

Nkhani yachiwiri, imene ndikuganiza kuti ndi imene munawerenga ku Britain kuko, ndi ya bondo la NexGen la kampani ya Zimmer Biomet. Limeneli ndi limodzi mwa mawondo amene aikidwa mwa anthu ambiri padziko lonse kuyambira m'ma 1990, ndipo mbiri yake, mukaiona yonse pamodzi, ndi yabwino. Koma chakumapeto kwa 2022 kampaniyo inaitanitsa mtundu umodzi wa kambale ka pa fupa la msongolo, kotchedwa Stemmed Option, kaundula wa maopaleshoni oterewa wa m'dzikomo, National Joint Registry, atasonyeza kuti kambaleko kakaphatikizidwa ndi zitsulo za ku ntchafu za mtundu wa LPS Flex, kankagwedera kawirikawiri kuposa mawondo ena, ndipo odwala ochulukirapo ankabwereranso ku opaleshoni. Anthu oposa 10,000 ku Britain anali ataikidwa zidutswa zimenezi, ndipo kumayambiriro kwa 2023 bungwe la MHRA, limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku Britain, linauza zipatala kuti ziwafufuze n'kuwaunika. Taonani bwino pamenepa: anthu awiri angathe onse kukhala ndi pepala lolembedwa kuti NexGen, wina n'kukhala wokhudzidwa, wina ayi. Ndiponso popeza zidutswa zabwino ndi zovuta zinkawerengedwa pa dzina limodzi, kuchuluka kwa zabwinozo kunabisa zovutazo kwa zaka. N'chifukwa chake dzina la kampani, ngakhale la bondo, palokha silikwanira.

Zina ndingozitchula mwachidule. Chakumapeto kwa 2000 ndi mu 2001 kampani ya Sulzer Orthopedics inachotsa pamsika zitsulo za m'chiuno kenako timbale ta mawondo chifukwa mafuta a makina a kufakitale anatsalira pa zitsulozo n'kulepheretsa fupa kuzigwira, ndipo mlandu wake unatha mu 2002 ndi chipukuta misozi cha pafupifupi madola 1 biliyoni. Mu 2013 Stryker inaitanitsa zida zake zolondolera podula fupa zotchedwa ShapeMatch, ndipo FDA inaika nkhaniyo m'gulu loyamba lija. Mu 2015 Zimmer inaitanitsa timbale toposa 11,000 topanda simenti ta bondo la Persona chifukwa tinkagwedera msanga. Bondo la Attune la kampani ya DePuy lakambidwa kwambiri kuchokera pamene madokotala ena ku America analemba mu 2017 kuti kambale kake kankalekana msanga ndi simenti, ndipo kampaniyo inasintha kapangidwe ka pansi pa kambaleko, koma bondo lenilenilo silinaitanitsidwe pa chifukwa chimenecho, ngakhale masamba ena a maloya pa intaneti amalemba ngati kuti linaitanitsidwa.

Mwina mukudabwa kuti zinthu zotere zimadutsa bwanji m'manja mwa oyang'anira. Ku America mawondo ambiri amaloledwa kugulitsidwa kudzera m'njira yotchedwa 510(k), imene kampani imangosonyeza kuti chipangizo chatsopano n'chofanana mokwanira ndi china chimene chili kale pamsika, popanda kuchiyesa kaye pa odwala ambiri kwa zaka. Ngakhale akanachiyesa, vuto limene limaoneka pakatha zaka 7 silingaoneke pa kafukufuku wa zaka 2. Choncho mlonda weniweni wa odwala ndi kaundula amene amalemba bondo lililonse loikidwa ndi lililonse lochotsedwa. Sweden inayamba wake mu 1975, Australia mu 1999, England ndi Wales mu 2003, ndipo Malawi nayo inakhazikitsa wake mu 2005 kudzera mwa madokotala a mafupa a ku Blantyre, makamaka pachipatala cha Beit CURE, America yeniyeniyo isanakhale ndi wake wa dziko lonse. Akaundula omwewa ndi amene amatipatsanso nkhani yolimbitsa mtima: kafukufuku wa akatswiri a ku University of Bristol amene anatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2019 anapeza kuti mawondo 93 pa 100 aliwonse amakhala akadali m'malo pakatha zaka 15, ndipo 82 pa 100 pakatha zaka 25.

Vuto la amayi, ndi la Amalawi ambiri amene amakachitidwa opaleshoni kunja, ndi lakuti palibe kaundula amene angawalondole mpaka ku Zomba. Chenjezo limachokera ku kampani kupita kwa wogulitsa, kwa wogulitsa kupita kuchipatala, kenako kwa wodwala, ndipo uthenga woyenda chonchi umafera panjira mosavuta pamene wodwalayo anakwera ndege n'kubwerera kwawo, nambala ya foni imene anasiya inali ya SIM khadi ya milungu itatu, ndipo adiresi yake ndi ya nyumba ya alendo. Ngakhale kwa nzika za India zenizenizo uthenga unaferapo panjira: pamene DePuy inaitanitsa chiuno chake chachitsulo cha ASR mu Ogasiti 2010, maopaleshoni pafupifupi 4,700 anali atachitika ku India, koma komiti ya boma imene lipoti lake linatuluka mu 2018 inapeza kuti odwala oposa 3,600 anali asanapezeke. Choncho kusalandira kalata si umboni woti bondo la amayi lili bwino, ndipo ntchito yofufuza yagwera inuyo.

Yambirani kunyumba. Pemphani wachibale amene ali pafupi ndi amayi kuti atulutse envulopu kapena fayilo imene anabwera nayo kuchokera ku India, imene mwina ili pansi pa sutikesi pamodzi ndi zithunzi za X-ray zakale, ndipo ajambule tsamba lililonse ndi foni, ngakhale malisiti amene. Chimene mukufuna ndi tsamba lomatidwa timapepala tating'ono tokhala ndi mizere ya barcode, timene namwino amasenda pa bokosi la chidutswa chilichonse pa nthawi ya opaleshoni. Pa kapepala kalikonse pamakhala dzina la kampani, dzina la chidutswa, saizi, nambala yotsatira zilembo za REF, ina yotsatira LOT kapena SN, ndi tsiku lothera ntchito. Payenera kukhala timapepala titatu kapena kuposerapo, ndipo ka simenti nakonso musakasiye. Ngati tsambalo palibe, yang'anani bilu yomaliza, chifukwa mu Ogasiti 2017 boma la India, poika malire a mitengo ya mawondo ochita kupanga, linalamulanso zipatala kuti zizilemba padera pa bilu dzina la chipangizo, wochipanga ndi nambala ya gulu lake. Ngati opaleshoni ya amayi inachitika pambuyo pa mwezi umenewo, mwayi ulipo. Zikakanika zonsezi, lemberani ofesi yosunga mafayilo a odwala pachipatalapo, mutchule nambala ya amayi ya pachipatala ndi tsiku la opaleshoni, muikepo kope la pasipoti ndi kalata yachilolezo yosainidwa ndi amayi eniake, n'kupempha lipoti la opaleshoni ndi tsamba la timapepala tija. Musazengereze, chifukwa zipatala sizisunga mafayilo mpaka kalekale. Manambala akapezeka, dokotala wa mafupa angawayerekezere ndi mindandanda ya FDA, ya MHRA ndi ya kampani yeniyeniyo, ndipo muwalembe m'buku la amayi la kuchipatala kuti asadzasowenso. Dokotala wozolowera angathe kulota mtundu wa bondo poyang'ana X-ray, koma chithunzicho sichisonyeza nambala ya gulu, ndipo pulasitiki sioneka n'komwe.

Tsopano tibwere ku bondo lenilenilo, limene kwa ine ndilo lofunika kuposa zonse ndanenazi. Bondo lochita kupanga limene linali bwino kenako n'kuyamba kutupa ndi kupweteka timaliona ngati lalowa tizilombo toyambitsa matenda mpaka titatsimikiza kuti sichoncho. Tizilombo tingafike pa chitsulo patapita zaka zambiri, kudzera m'magazi, kuchokera ku dzino lobooka, matenda a m'chikhodzodzo, chilonda cha kuphazi kapena chithupsa, makamaka kwa munthu wodwala shuga, ndipo kwathu kuno sitiiwalanso TB, imene imatha kukhazikika m'mafupa. Matenda oterewa nthawi zambiri sabweretsa kutentha thupi kapena mafinya oonekera. Amangoonetsa kutupa ndi ululu wosatha, chimodzimodzi ndi pulasitiki yodyeka. Kupweteka podzuka pampando kumene mwatchula, makamaka ngati kumachepa akayenda pang'ono, kumatiganiziritsa za chitsulo chogwedera, koma chitsulo chimagwedera pa zifukwa zonse ziwirizi, ndipo machiritso ake ndi osiyana kotheratu.

Amayi apite kwa a zamafupa pachipatala chachikulu cha Zomba, ndipo apemphe kuti ngati n'koyenera awatumize kwa dokotala amene amaika mawondo oterewa, ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Akafunika kuyezedwa magazi, makamaka miyezo ya ESR ndi CRP imene imasonyeza ngati thupi likulimbana ndi matenda, ndi kujambulidwa X-ray chakutsogolo ataimirira komanso cham'mbali, kuti zithunzizo ziyerekezeredwe ndi zakale zija. Pa zithunzi dokotala amafuna kamzere kakuda pakati pa simenti ndi fupa kamene kakukulirakulira, mphako m'fupa, kambale kamene kapendekeka kapena kamira, ndi mpata wa pakati pa zitsulo umene wachepa mbali imodzi, umene umasonyeza kuti pulasitiki yadyeka. Ngati magazi akukayikitsa, amapopa madzi a m'bondo ndi jakisoni m'malo aukhondo kwambiri n'kukawayeza kulabu. Dokotala wosamala adzayezanso chiuno ndi msana, chifukwa ululu wa kumeneko umatha kumveka m'bondo.

Pali zinthu zimene ndikupempha kuti muwauze amayi lero lomwe pafoni. Asagule mankhwala opha tizilombo monga amoxicillin kapena cipro ku famase kuti ayesere, chifukwa mankhwalawa sangachize matenda a pa chitsulo koma amabisa tizilombo kuti tisaoneke kulabu, ndipo timakakamizika kudikira milungu iwiri atasiya kumwa tisanapope madzi. Asalole munthu aliyense kuwabaya jakisoni wochepetsa ululu m'bondomo, ngakhale ngati jakisoni wotereyo ankawathandiza asanachitidwe opaleshoni. Ndipo, ndikunena mwaulemu wonse podziwa mmene achibale amafunira kuthandiza, pabondopo pasatemedwe mphini, chifukwa kabala kakang'ono pamwamba pa chitsulo n'kokwanira kulowetsa tizilombo, ndipo tikakhazikika pa chitsulo sitichoka ndi mapiritsi okha.

Za kusonkha, dikirani kaye muone zotsatira. Opaleshoni yachiwiri ndi yolemera kuposa yoyamba: imatenga nthawi yaitali, fupa lina limachoka pamodzi ndi chitsulo chakale, chiopsezo cha matenda chimakwera, mafizo ake ndi owawa, ndipo bondo lachiwiri kawirikawiri silikhalitsa ngati loyamba. N'chifukwa chake dokotala wanzeru sachotsa bondo losapweteka chifukwa chongoti dzina lake latuluka m'nyuzipepala. Koma kuchedwa nako kumapweteketsa, pakuti pulasitiki ikapezeka yodyeka zitsulo zikadali zolimba, nthawi zina timangotsegula n'kusintha pulasitiki yokhayo, imene ndi opaleshoni yaing'ono ndithu poyerekeza. Ikasiyidwa mpaka fupa litadyeka, pamafunika kuchotsa zonse n'kuika zitsulo za miyendo italiitali ndi zotsekera mphako, zimene n'zodula ndipo sizipezeka wamba m'dziko muno. Apa dzina la bondo likufunikanso, chifukwa pulasitiki ya kampani imodzi silowa m'kambale ka kampani ina, ndipo iyenera kugulidwa n'kufika opaleshoni isanayambe. Zikapezeka kuti ndi tizilombo tokhalitsa, njira yozolowereka ndi maopaleshoni awiri: kuchotsa zonse n'kuikamo simenti yosakaniza ndi mankhwala, kulandira mankhwala kwa milungu 6 kapena kuposerapo, kenako kuika bondo latsopano. Ndalama za njira zimenezi zimasiyana kutalitali, choncho ndi bwino abale adziwe chimene akusonkhera.

Za chipukuta misozi, ine ndine dokotala osati loya, koma ndinene zimene zili poyera. Makampani akaitanitsa katundu nthawi zina amakhazikitsa njira yobwezera odwala ndalama zimene awononga pounikidwa ndi pa opaleshoni yachiwiri, ndipo Exactech inachita zimenezi kudzera mu kampani ya Broadspire. Milandu ya odwala ake ku America inasonkhanitsidwa mu 2022 kukhoti la ku Brooklyn mumzinda wa New York, koma mu Okutobala 2024, milanduyo itaposa 2,000, kampaniyo inakapempha chitetezo cha khoti ngati yolephera kubweza ngongole, ndipo milandu inaima. Madandaulo otere amatsata malamulo a dziko limene opaleshoni inachitikira kapena kumene kampani ili, ndipo ali ndi malire a nthawi, choncho kukhala kwanu ku Britain sikupatsa amayi ufulu umene odwala a ku Britain ali nawo. Chenjerani ndi masamba a pa intaneti amene amalonjeza mamiliyoni n'kupempha ndalama zoyambira kapena kope la pasipoti. Chimene mungachite n'kusunga lisiti lililonse, ndipo ngati opaleshoni yachiwiri idzachitike, mupemphe isanayambe kuti zidutswa zochotsedwazo zijambulidwe, zilembedwe mu lipoti, ndipo zisatayidwe kapena kuperekedwa kwa woimira kampani popanda chilolezo cholembedwa cha amayi, chifukwa umboni waukulu uli pa zidutswa zimenezo.

Pamene mukudikira tsiku loonana ndi dokotala, amayi achepetse ntchito za kudimba ndi kusenza katundu, ayende ndi ndodo m'dzanja lamanzere popeza bondo lovuta ndi lakumanja, ndipo pa ululu amwe panado m'malo momwa brufen kapena diclofenac tsiku ndi tsiku, amene pa msinkhu wawo angawononge impso ndi m'mimba. Koma ngati bondo lafiira n'kutentha, thupi latentha kapena akunjenjemera, pachipsera patuluka madzi kapena mafinya, mwendo watupa mpaka ku katumba, kapena alephera mwadzidzidzi kuponda pansi, asadikire tsiku limene anapatsidwa kapena yankho lochokera ku India. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo akafika anene poyambirira penipeni kuti m'bondomo muli chitsulo.